Kuwalitsa Khansa ya M'matumbo Isanakhwime: Zimene Mbewa Zaonetsa ndi Zimene Zimabisa

Khansa ya m'matumbo aakulu sibwera modzidzimutsa. Mwa anthu ambiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono pa khungu la m'kati mwa thumbo, kosapweteka, ndipo kamatha zaka khumi kapena kuposerapo kasanasanduke khansa yeniyeni. Madokotala amatcha tizotupa timeneti ma polyp, ndipo mtundu umene amauopa kwambiri ndi adenoma. Akakapeza nthawi idakalipo amakadula pomwepo ndi kawaya kodutsa m'chipangizo chimene akuunikira, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kafukufuku wa ku America wotchedwa National Polyp Study, amene anatsatira anthu kwa zaka zambiri, anaonetsa mu 2012 kuti kuchotsa tizotupa timeneti kunachepetsa imfa za khansayi ndi 53 peresenti. Komabe mu 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu, ndipo oposa 900,000 anamwalira nayo.

Ambiri mwa anthu amenewa sanaunikidwepo n'komwe, ndipo limenelo ndi vuto la ndalama ndi la kuchepa kwa zipatala. Koma pali vuto linanso, la maso. Pounika, dokotala amalowetsa kotulukira chimbudzi chubu chofewa chokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, n'kumayang'ana pa sikirini khoma la thumbo lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, lopindikapindika, lonyowa, lofiirira paliponse. Kachotupa kotukuka kamaoneka msanga. Kathyathyathya, kamene kangosiyana mtundu pang'ono ndi mnofu wokazungulira, kamapulumuka. Mu 2019 ofufuza anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana momwe munthu mmodzi ankaunikidwa kawiri motsatizana, ndipo anapeza kuti ulendo woyamba unkaphonya ma adenoma 26 pa 100 alionse. Pa athyathyathya nambala inkafika 34.

Apa ndi pamene panachokera funso limene lakhala likuyesedwa pa mbewa ndi makoswe a mu labotale kwa zaka zoposa makumi atatu: kodi maselo amene ayamba kusokonekera angachititsidwe kuti adziulule okha powala? Yankho lake pa nyama ndi lakuti inde, ndipo zatheka kambirimbiri. Chimene chavuta n'chakuti kuwalako kunene zoona.

Mmene kuwalako kumabwerera

Pali zinthu zina zimene zikaunikidwa ndi kuwala kwa mtundu umodzi zimakumeza n'kubweza kwa mtundu wina. Ndi zimene zimachitika wa ku banki akaika ndalama ya pepala pansi pa kanyali kapepo: tizizindikiro tosaoneka masana timayaka. Asayansi amatcha khalidwe limeneli fluorescence. George Stokes wa ku Cambridge analongosola mu 1852 kuti kuwala kobwezedwako kumakhala ndi mphamvu yochepa kuposa kumene kunalowa, choncho mtundu wake umasunthira cha kofiira; mukaunika ndi buluu, kumabwerera kobiriwira kapena kofiira. Ntchito yonse yagona pa kusiyana kumeneku. Kutsogolo kwa kamera amaikako galasi losefa limene limatsekereza kuwala kwa nyali n'kulola kobwezedwa kokha. Pa sikirini pamada bii, kupatula malo amene akuwala. Amene anagwirapo ntchito mu labotale ya chipatala akuidziwa kale njirayi, chifukwa makhololo oyeza TB amapakidwa utoto wa auramine, tizilombo n'kumawala mwachikasu pa maikulosikopu ya LED imene bungwe la WHO linalimbikitsa mu 2011.

M'thupi la chamoyo mtundu wa kuwala ndi nkhani yaikulu. Magazi amameza buluu ndi kuwala kobiriwira, motero kuwala kotere sikulowa patali. Kumene kumadutsa bwino mu mnofu ndi kwa pakati pa mananomita 650 ndi 900, kuyambira pa kufiira kwenikweni kukafika kumene diso la munthu silionanso, kotchedwa near-infrared. N'chifukwa chake utoto wambiri wa masiku ano umapangidwa kuti uziwalira m'dera limeneli.

Nyama zake

Munthu sungamubaye utoto wosayesedwa, ndiponso sungadikire zaka khumi kuti uone ngati malo amene anawala asanduka khansa. Nyama imapereka chinthu china chimene munthu sangapereke: ukatha kujambula, umatha kuchotsa thumbo lonse, n'kulicheka tizidutswa topyapyala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu malo alionse, owala ndi osawala omwe. Pa munthu umangodula kanyama pamene ukukayikira, ndiye zimene nonse awiri, diso ndi utoto, mwaphonya sizidziwika.

Yotchuka kwambiri ndi mbewa ya Min. Mu 1990 Amy Moser ndi William Dove a ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison analengeza za mtundu wa mbewa zimene zinkamera tizotupa makumi angapo m'matumbo, zambiri n'kufa ndi kuchepa magazi zili ndi miyezi inayi kapena isanu yokha. Mu 1992 zinadziwika kuti cholakwika chili pa jini yotchedwa Apc. Jini imeneyi ndi yomweyo imene imakhala yowonongeka m'mabanja odwala FAP, matenda akumtundu amene amameretsa tizotupa mazanamazana munthu adakali wachinyamata, ndipo imapezekanso yowonongeka mu khansa za m'matumbo aakulu pafupifupi 8 pa 10 zilizonse. Choncho mbewa ya Min imayamba matenda pa khomo lomwelo limene munthu amayambira. Chilema chake n'chakuti tizotupa take tambiri timamera m'matumbo aang'ono, kumene munthu sadwalako khansa kawirikawiri ndiponso kumene kachipangizo kounikira sikafika. Pofuna kukonza zimenezi, mu 2007 gulu la Dove linatulutsa khoswe wa Pirc, ndipo gulu la Eric Fearon ku Michigan linatulutsa mbewa imene jini ya Apc imawonongekera m'thumbo lalikulu, tizotupa n'kumamera cha kumapeto kwake.

Njira ina ndi yogwiritsa ntchito mankhwala oyambitsa khansa. Nyama imabayidwa azoxymethane, amene thupi limawasandutsa poizoni wowononga DNA ya maselo a m'thumbo lalikulu. Khungu la m'thumbo lili ndi timaenje ting'onoting'ono tosawerengeka momwe maselo atsopano amabadwira. Mu 1987 Ranjana Bird wa ku Canada anapaka utoto wa methylene blue pa matumbo a mbewa zobayidwa mankhwalawa, n'kuona kuti timaenje tina takula, tathithimira mtundu ndipo kukamwa kwake kwapotoka, zotupa zisanayambe kuoneka. Timagulu ta timaenje totere timatchedwa ACF mwachidule, ndipo tinapezekanso mwa anthu mu 1991. Kwa nthawi ndithu ofufuza ankatiwerenga ngati chiyambi chenicheni cha khansa, koma zinadzadziwika kuti tambiri timazimiririka tokha kapena sitikula. Utoto umene ukuwalitsa ACF aliyense sunatsimikize kanthu kuti ukulozera khansa ya mawa.

Mu 2003 Takuji Tanaka wa ku Japan ndi anzake anaphatikiza jakisoni mmodzi wa azoxymethane ndi mankhwala a DSS othira m'madzi akumwa kwa sabata imodzi. DSS amasupula khungu la m'thumbo, mbewa n'kumatsegula m'mimba za magazi, ndipo pa mnofu wotukusirawo zotupa zimamera msanga. Izi zikufanana ndi zimene zimachitikira anthu odwala ulcerative colitis, matenda a zilonda zosatherapo za m'thumbo lalikulu, amene pakapita zaka amakhala pa chiopsezo cha khansa. Ndikuona kuti mbewa imeneyi ndiyo mayeso enieni a utoto uliwonse, ndipo chifukwa chake chioneka kutsogoloku.

Kale nyama inkayenera kufa kuti aone m'kati mwake. Mu 2005 Christoph Becker ndi Markus Neurath a ku Mainz ku Germany anaonetsa kuti ndi kachipangizo konenepa mamilimita 1.9 okha, mbewa yogonetsedwa ndi mankhwala ikhoza kuunikidwa masentimita atatu kapena anayi omalizira a thumbo lake, n'kudzuka bwinobwino. Kachotupa kamodzi kamatha kutsatidwa sabata ndi sabata pa nyama imodzimodziyo, m'malo mopha gulu la nyama pa sabata iliyonse. Zimenezi si zazing'ono. Mbewa ya DSS imavutika, imaonda, imataya magazi. William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959 kuti ofufuza azisiya nyama pamene pali njira ina, azichepetsa nambala yake, ndipo azichepetsa ululu wake. Kafukufuku wokonzedwa mwaulesi amaphwanya mfundo zonse zitatuzi, chifukwa nyamazo zimafera yankho losadalirika.

Kuwala kwachibadwa

Njira yoyamba sifuna utoto uliwonse, poti mnofu wa thumbo uli kale ndi zinthu zowala. Pali collagen, ulusi wolimba umene uli pansi pa khungu la m'kati. Pali NADH ndi FAD zimene maselo amagwiritsa ntchito potulutsa mphamvu m'chakudya. Palinso ma porphyrin amene amawala mofiira. Albert Policard wa ku France anaona kale mu 1924 kuti zotupa za makoswe zinkawala mofiira pansi pa nyali ya ultraviolet, ndipo pofika mu 1990 magulu a ku America ankalozetsa laser pa ma polyp a anthu n'kumayeza kuwala kobwerera. Adenoma imaoneka yothimbirira poyerekeza ndi mnofu wabwino, chifukwa khungu lake lakhuthala n'kuphimba collagen wa pansi, komanso ili ndi magazi ambiri omeza kuwala. Kampani ya Olympus inapanga makina oonetsa mnofu wabwino mobiriwira, wokayikitsa mwapepo.

Koma kukhuthala ndi kuchuluka magazi si zizindikiro za khansa yokha. Chilonda chilichonse chili nazo. Mu 2018 kafukufuku wa FIND-UC, amene anachitika ku Netherlands ndi ku Britain pa odwala ulcerative colitis 210, anapeza kuti makina a kuwala kwachibadwa ankapeza malo osokonekera ochepa kuposa njira yakale yopopera utoto wabuluu n'kuyang'ana ndi nyali wamba. Pa nyama pali chisokonezo chinanso chimene aliyense wogwira ntchitoyi amakumana nacho: chakudya cha mbewa cha nthawi zonse chimakhala ndi msipu wa alfalfa, ndipo chlorophyll wa m'masambamo amawala mofiira cha pa mananomita 680, pomwe utoto wambiri umawalira. Chimbudzi chotsalira m'thumbo chimayaka kuposa chotupa. Amayenera kusintha chakudya masiku angapo asanajambule, n'kutsukanso thumbo.

Kudyetsa maselo chinthu chowawalitsa

Njira yachiwiri ndi yochenjera. Pafupifupi selo lililonse limapanga heme, chinthu chimene chimafiiritsa magazi, kuyambira pa kanthu kakang'ono kotchedwa 5-ALA. Heme asanamalizike pamakhala protoporphyrin IX, amene akaunikidwa ndi kuwala kwapepo kwa mananomita 405 amawala mofiira pa 635. Sitepe yomaliza, yoikamo ayironi, imazimitsa kuwalako. M'maselo ambiri a zotupa sitepe yomalizayi imachedwa, ndiye mukapatsa thupi 5-ALA wambiri, protoporphyrin amaunjikana m'chotupa kuposa mu mnofu wabwino.

Helmut Messmann ndi anzake ku Regensburg anayesa zimenezi mu 1998 pa makoswe a zilonda za DSS. Zimene anapeza zakhala zikubwerezedwa ndi njira zina zambiri kuyambira pamenepo. Akachulukitsa mankhwala, pafupifupi malo onse osokonekera ankawala, koma malo ambiri ongotukusira ankawalanso. Akachepetsa, kunamizira mnofu wosalakwa kunkachepa, koma malo oipa ankayamba kupulumuka. Mu 2003 anayesa pa anthu odwala ulcerative colitis, koma njirayi sinakhazikike m'matumbo. Womwa 5-ALA amayeneranso kupewa dzuwa kwa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa khungu lake limapsa msanga. Mankhwala omwewa anapeza malo kwina: pa opaleshoni ya zotupa za mu ubongo anavomerezedwa ku Ulaya mu 2007 ndi ku America mu 2017, poti kumeneko chotupa n'chachikulu ndipo dokotala akungofuna kuona malire ake.

Utoto umene umayaka ukafika

Kusintha kwakukulu kunachokera ku Massachusetts General Hospital ku Boston, m'gulu la Ralph Weissleder. Vuto la utoto wamba n'lakuti umawala paliponse pamene uli, m'magazi, m'mamina a m'thumbo, m'makwinya momwe wadikha. Mu 1999 gululi linalengeza utoto wozima. Anamangirira timagawo tambiri ta utoto moyandikana kwambiri pa chingwe chimodzi cha puloteni. Tikathithikana chotero timazimitsana. Chingwecho chikakumana ndi ma enzyme otchedwa cathepsin, amene amachuluka m'zotupa, chimadulidwa, timagawo ta utoto timabalalika, kuwala n'kuyamba. Enzyme imodzi imadula zingwe zambirimbiri, choncho kuwala kumakulirakulira pamalo amodzi pomwe kwina kuli mdima.

Mu 2002 Katharina Marten ndi anzake a m'gulu lomweli anabaya mbewa za Min utoto umenewu, ndipo tsiku lotsatira anachotsa matumbo n'kuwajambula. Ma adenoma anawala, ngakhale ang'onoang'ono a mamaikuromita 50, amene ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita. Diso silingawaone amenewa. Izi zinaonetsa momveka kuti chotupa chimene sichinakhale khansa chili kale ndi khalidwe limene lingawalitsidwe.

Kenako panabwera funso limene ofufuza abwino amafunsa: kwenikweni ndi maselo ati amene akuwala? Kafukufuku wa mu 2008 pa mbewa za Apc anaonetsa kuti kuwala kwambiri kunkachokera ku asilikali a m'thupi, ma macrophage ndi anzawo, amene amathamangira m'kati mwa kachotupa ndi m'mbali mwake. Ndiye kuti utoto sunkaona maselo osokonekera enieniwo. Unkaona khamu limene lawazungulira. M'thumbo la mbewa ya Min, limene kupatula tizotupa ndi labwinobwino, zimenezi sizivuta, pakuti pamene pali khamu pali chotupa. M'thumbo la zilonda asilikali ali ponseponse. N'chifukwa chake ndanena kuti mbewa ya azoxymethane ndi DSS ndiyo mayeso enieni. Munthu amene akufunikira kwambiri thandizo la utoto ndi wa ulcerative colitis, amene maselo ake osokonekera amakhala athyathyathya pakati pa mnofu wofiira kale, ndipo dokotala ankachita kudula tinyama toposa 30 mwachisawawa m'thumbo lonse kuti mwina n'kugwera pamalo oipa. Utoto wowala bwino m'thumbo loyera koma wolephera m'thumbo lotukusira wathandiza amene sankafuna thandizo kwenikweni.

Kulunjika pa selo lenilenilo

Ena anasankha kufunafuna chinthu chimene chimamata pa selo losokonekera lokha. Amatenga timapuloteni tatifupi, ma peptide, mitundu mamiliyoni ambiri, n'kutithira pa mnofu wabwino; timene tamata amatitaya. Totsalato amatithira pa adenoma, n'kusunga timene tamata. Akabwereza kangapo pamatsala towerengeka. Mu 2008 gulu la ku Stanford, lomwe munali Thomas Wang ndi Christopher Contag, linapeza mwa njira imeneyi peptide ya ma amino acid 7 okha, n'kuimangirira utoto wa fluorescein, n'kuipopera m'matumbo a anthu. Inazindikira malo osokonekera 81 pa 100 alionse, ndipo inasiya osawalitsa malo abwino 82 pa 100. Chimene peptide imeneyi inkamatapo sichinadziwike, ndipo chinthu chosadziwika mmene chimagwirira ntchito n'chovuta kuchikonza kapena kuchivomereza. Wang atasamukira ku Michigan anabwerera ku mbewa ya Fearon ija, n'kuyamba kupanga ma peptide olunjika pa mapuloteni odziwika monga EGFR ndi claudin-1, akumayang'ana ndi kachipangizo kounikira mbewa ili moyo.

Njira imene imandikopa kwambiri ndi ya Yasuteru Urano wa ku yunivesite ya Tokyo ndi Hisataka Kobayashi wa ku National Cancer Institute ku America. Utoto wawo, gGlu-HMRG, ndi wozima mpaka utakumana ndi enzyme ya GGT imene imakhala kunja kwa selo. Enzyme ikadula kamchira kake, utoto umalowa m'selo n'kuwala mobiriwira. Mu 2013 anaupopera m'matumbo a mbewa za azoxymethane ndi DSS, ndipo zotupa zinayamba kuwala pa mphindi zisanu zokha, kuwalako n'kukhalapo kwa theka la ola. Panalibe jakisoni wa mumtsempha ndiponso panalibe kudikira tsiku lathunthu. Atauyesa ku Japan pa zotupa zimene zinachotsedwa mwa anthu, zina zinawala, zina sizinawale, chifukwa zotupa za anthu sizifanana monga zimafananira za mbewa za mtundu umodzi.

Umboni wamphamvu kwambiri wa pa anthu unachokera ku Leiden mu 2015. Jacobus Burggraaf ndi anzake anabaya anthu 15 amene anali pa chiopsezo chachikulu peptide ya GE-137, yomata pa puloteni ya c-Met, maola atatu asanawaunike. Tizotupa toopsa 38 timene tinaoneka ndi nyali wamba tinawala tonse, ndipo panapezekanso tina 9 timene nyali wamba inatiphonya, tambiri tating'ono ndi tathyathyathya. Ku Groningen anayesa mankhwala a khansa a bevacizumab omangiriridwa utoto pa odwala FAP, ma adenoma awo n'kuwala. Anthu 15 ndi ochepa, koma tizotupa 9 tija ndi timene ntchito yonseyi ikufunafuna.

Pamene mbewa imanamiza

Misampha ndi yambiri ndipo wowerenga nkhani za "utoto watsopano wopeza khansa" ayenera kuidziwa. Waukulu ndi wa kubzala. Ofufuza ambiri amatenga maselo a khansa ya munthu oleredwa m'mbale, n'kuwabzala pansi pa khungu kapena m'thumbo la mbewa yopanda chitetezo. N'zachangu komanso zotsika mtengo, koma chimene chikumeracho ndi khansa yokhwima, si kachotupa koyamba kumene. Choipa koposa n'chakuti mankhwala ngati bevacizumab ndi cetuximab anapangidwira mapuloteni a munthu ndipo sagwira bwino a mbewa. Chotupa cha maselo a munthu chimawala, mnofu wa mbewa wochizungulira n'kukhala wakuda, chithunzi n'kukongola. Mwa munthu mnofu wabwino nawonso uli ndi mapuloteni omwewo, ndiye kusiyana kumachepa.

Msampha wina ndi mitsempha. Mitsempha ya magazi ya m'chotupa imadontha, choncho utoto uliwonse wobayidwa, ngakhale wosalunjika pa kanthu, umatha kudikhamo. Wofufuza wosamala amayesanso utoto wonamizira, monga peptide yomweyo yosokonezedwa dongosolo la ma amino acid, kuti aone ngati iwonso ukuwala. Kutalikirana kwa kamera ndi khoma kumasinthanso kuwala. Malo apafupi amayaka, akutali amazilala, ndiye ena amajambula mitundu iwiri nthawi imodzi n'kumayerekeza. Kenako pali kukula. Masentimita anayi a thumbo lowongoka la mbewa amapopereka ndi timadontho tochepa. Mita ndi theka ya thumbo la munthu, yodzaza makwinya ndi mamina, ndi ntchito ina. Mbewa za mu labotale n'zofanana chibadwa, zimadya zofanana, ndipo matenda awo amayamba pa jini imodzi. Anthu ali ndi njira zingapo zolowera ku khansa, kuphatikizapo ya tizotupa tathyathyathya totchedwa serrated, timene kawirikawiri timayamba pa jini ya BRAF osati APC, ndipo ndito timaphonyeka kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuona mu lipoti lililonse la kafukufuku wotere ndipo nthawi zambiri sichikhalamo: kodi anapeza chiyani chimene diso silikanapeza? Kuwalitsa chotupa chachikulu chimene aliyense akuchiona kale kumangotsimikiza kuti utoto ukugwira. Funso la dokotala ndi la malo amene akuoneka abwinobwino. Kuti liyankhidwe, wojambula asadziwe kumene kuli zotupa, woyang'ana pa maikulosikopu asadziwe kumene kunawala, ndipo thumbo lonse lichekedwe, osati malo owala okha.

Mpaka pano palibe utoto wolunjika wa mtundu umenewu umene wavomerezedwa kuti uzigwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku pofufuza tizotupa ta m'matumbo, ngakhale ena avomerezedwa pa opaleshoni, monga Cytalux wa khansa ya thumba losunga mazira mu 2021 ndi Lumisight wa khansa ya m'mawere mu 2024. Chifukwa chake n'chomveka. Wa pa opaleshoni akudwala kale ndipo angalole jakisoni wina. Wobwera kudzaunikidwa nthawi zambiri ali bwinobwino, ndiye mankhwala opatsidwa kwa anthu athanzi mamiliyoni ayenera kukhala osavulaza ngakhale pang'ono, otsika mtengo, ndiponso osachedwetsa mzere. Panopa pali mpikisano wina: mu 2021 America inavomereza GI Genius, pulogalamu ya kompyuta imene imayang'ana kanema wa m'thumbo limodzi ndi dokotala n'kumajambula kabokosi pamene ikukayikira. Iyo sifuna mankhwala. Koma imangoona maonekedwe, pomwe utoto umanena zimene zikuchitika m'selo, ndiye pa malo athyathyathya a pakati pa zilonda utoto udakali ndi ntchito yake.

Owerenga a ku Malawi ndi Zambia ali ndi muyeso wabwino woyezera nkhaniyi. M'zipatala zathu amayi amayezedwa khomo la chiberekero popakapo viniga, malo osokonekera n'kuyera pakatha mphindi imodzi, ndipo nthawi zambiri amathandizidwa tsiku lomwelo. Cholinga n'chimodzimodzi, kuonetsa khansa isanakhale khansa. Njira ya viniga nayonso imanamizira malo ongotukusira, koma inafika kumidzi chifukwa ndi yopaka, yachangu komanso yotsika mtengo. Utoto wa m'matumbo umene ungadzafike m'zipatala ngati zathu uyenera kukhala wotero. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndalama ndi nyama zipite ku utoto wopopera, woyaka m'mphindi zochepa, woyesedwa pa tizotupa tomera tokha m'thumbo lotukusira, ndipo kafukufuku wongowalitsa khansa yobzala pansi pa khungu achepe.

Pakadali pano chipangizo chounikira ndi nyali wamba chikupeza kale ma adenoma atatu pa anayi alionse, ndipo chilipo m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi UTH ku Lusaka. Ngati mukuona magazi m'chimbudzi, ngati kachitidwe kanu ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, ngati mukuonda kapena kuchepa magazi popanda chifukwa chodziwika, musangoganiza kuti ndi likodzo, kamwazi kapena mudzi. Pitani kuchipatala, ndipo ngati mankhwala amene akupatsani sanathetse vutolo, bwererani mukapemphe kuti akuunikeni m'matumbo. Ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo asanakalambe, auzeni adokotala zimenezo ngakhale inuyo mukumva bwino.